Tsiku limene ndinaperekeza mpikisano wonse

Nyumba zathu za lendi pa Namitete makoma ake ndi opyapyala, mnzako akayetsemula kuseri umayankha kuti pepani. Ndiye tsiku lina masana ndikusadzula nkhwani ndinangomva aphunzitsi a Mbewe ndi akazi awo a Naphiri zavuta.

"Mapu anuwo musocheretsa nawo ana a eni! Nkhalango ya ku esiteti ija mukuidziwa inu?"

"Mayi, ndayendamo masiku atatu!"

"Masiku atatu, awiri munabwerako linthumbu lili m'thalauza. Tengani Esinati wa khomo linali, amatola nkhuni momwemo."

Esinatiyo ndine. Ndinamva kukoma, ndisaname.

Madzulo aphunzitsi anabwera kudzandifotokozera. Akonza mpikisano wa sukulu zitatu, yathu, ya ku Msundwe ndi ya ku Nsaru. Ana alowa m'nkhalango anayianayi, magulu awiri sukulu iliyonse, mapu m'manja, kukafuna tinsalu tofiira tisanu timene iwo amanga m'mitengo. Gulu loyamba kutuluka litapeza tonse litenga mbuzi. Ine ndikakhale pa kansalu kachitatu, ndizichonga makadi a magulu ofika ndi kuona kuti ana asavulale. "Kubwera aphunzitsi anzanga, Esinati, ndisachite manyazi. Wopambana aoneke bwinobwino." Zoti kusocherako ndiye masewera ake, anandiuza ndani?

Loweruka ndinabereka Tadala wanga, ulendo. Kufika, kansalu kaja akamanga kuseri kwa chulu, m'munsi mwenimweni. Ine amvekere mumtima, abambo awa, angaone ndani pamenepa? Ndinakamasula n'kukapachika pa msuku wa m'mbali mwa njira, kakuonekera patali ngati mbendera.

Posakhalitsa atsikana anayi a ku Nsaru atulukira, mapu atagwira chadodolido, wina misozi ili m'maso. Ndawachongera, ati zikomo amayi, n'kulunjika kumene kuli dambo lotitimira. Inu mukanatani? Mlendo wabwera kwanu, ukumuona akupita kolakwika, ungoti yendani bwino? Kwathu sitinaleredwe choncho. Ndinati tiyeni ndikutulutseni pang'ono.

Pang'ono pamenepo tinakumana ndi a ku Msundwe akuzungulira mtengo umodzi kachitatu. Kuwasiya kukanakhala kukondera, eti? Ndinati londolani. Kenako a sukulu yathu, ana oti amayi awo ndimatunga nawo madzi pa mjigo, ndikanawayang'ana bwanji mawa? Pofika pa kansalu kachinayi magulu onse asanu ndi limodzi anali pambuyo panga, mapu atapinda m'matumba. Ine osafuna mapu, njira ndimaidziwa ndi mapazi: pa mtengo wa mphezi ukhotere kumanja, ukamva fungo la shedi ya fodya wabwerera m'mbuyo.

Ndipo poti aliyense anali nane, tinsalu tija tikanatsalira ndani? Nsalu yabwino kuisiya kutchire? Tinabwerera ndi koyamba komwe, ndinamasula tonse n'kumanga m'chiuno. M'njira bowa anali mbwee, ndinati ana inu, malaya muli nawo, zulani.

Ndiye taganizani. Pabwalo aphunzitsi aima ndi wotchi ndi wezulo, alendo akhala pa mabenchi, mbuzi ili pa chingwe. Akudikira ana otuluka akuthamanga. M'malo mwake ndikutulukira ine, mwana kumsana, zofiira lendelende m'chiuno, pambuyo panga ana makumi awiri ndi anayi pa mzere, aliyense bowa pa mimba, akuyamwa masuku.

Wezulo inagwa pakamwa.

"Esinati! Woyamba ndani pamenepa?"

Ndinatembenuka kuyang'ana. "Ngati n'kutsogola, ndiye ndine, aphunzitsi. Wachiwiri Tadala."

Mphunzitsi wa ku Nsaru anaseka mpaka anatsetsereka pa benchi.

A Mbewe anakuwa: "Masiku atatu ndikubisa nsalu zimenezi!"

"Kani munachita kubisa dala?"

Apa m'pamene ndinazindikira. Amayi ine! Ndinafuna ndibwerere m'nkhalango momwemo. A Mbewe anatembenukira akazi awo: "Munthu wanu uja ndi ameneyu!" A Naphiri osagonja: "Wasochera mwana? Wavulala? Werengani!" Anawerenga kawiri, onse analipo, ndipo apo ndiye ndimanyada mpaka lero.

Alendo atapuma kuseka anagamula kuti poti onse afika limodzi, mbuzi ndi ya onse, iphedwe pompo. Anati chaka chamawa abweranso, koma mayi uyu mudzamumangirire pabwalo. A Mbewe anayamba kumwetulira monyinyirika.

Ine ndinalumbira. Ndikadzakupezani m'tchire mapu ali m'manja, ngakhale mukulira, ndidzangokupatsani moni n'kupitiriza kutola nkhuni zanga.

Nyama itapsa, a Naphiri anapakula chiwindi ndi bowa uja, n'kukaika pa mkeka pansi pa mango. Amuna awo anali chiimire potero, akuyang'anabe mapu awo.

"Bambo, mbale ili apa. Mufika nokha, kapena ndiitane Esinati akuperekezeni?"

Anapinda mapu, anasamba m'manja, n'kukhala pansi.