Sukulu Yooneka Pakhonde

Lolemba

Mvula. Mwezi wa Meyi uno! Kwathu ku Kasungu anthu akukolola chimanga, kuno ku Mzuzu ambulera sauma.

Sabata yachiwiri m'nyumba yatsopano, kuseri kwa Zolozolo. Chindisamutsireni ntchito kubwera kuno papita miyezi isanu ndi iwiri, ndipo yonseyo ndakhala ndikugona pamatiresi m'chipinda chochezera kwa mnzanga ku Luwinga. Zakwana. Ndikufuna mkazi wanga ndi mwana wanga pano.

Amake Tadala aimba foni m'mawa. Akubwera Loweruka kudzaona nyumba, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: "Ndidzayenda ndekha kuchoka pakhomo mpaka pageti la sukulu, wotchi ili pamkono. Zikadzapitirira mphindi makumi awiri, ine ndi Tadala tikhala konkuno. Mwana wa sitandade 2 sindingamuyendetse ngati bulu."

Ndaseka. Ndawauza kuti sukulu imaoneka ndili pakhonde, ndipo si bodza. Tsiku loona nyumba, a Msiska, ejenti amene anandipezera, analoza ndi mlomo: "Sukulu ndi iyo, adada. Pafupi waka." Malata ndimawaona, belu ndimalimva.

Zochita sabata ino:
1. Kuyenda mpaka kusukulu ndi kuwerenga mphindi.
2. Kukapempha malo a Tadala kwa ahedi.
3. Kudziwa nthawi imene mpopi umatulutsa madzi, chifukwa ine sindinauonepo ukutero.
4. Makatani.

Nditaweruka ndayamba ndi nambala wani. Mphindi zisanu ndi imodzi zotsetsereka bwinobwino, ndikuimba mluzu. Kenako njira yathera m'dambo. Mtsinje! Wamadzi ofiira, wothamanga, ndi zitsa ziwiri zosonyeza pomwe kale panali mlatho. Kwathu ndi kwachidikha, ukachiona chinthu ndi maso ndiye kuti wafika. Palibe anandiuza kuti kuno pakati pa chitunda ndi chinzake pamakhala madzi.

Ndabwerera ndili ndi matope mpaka m'masokosi.

Lachiwiri

Ndawaimbira a Msiska sikisi koloko, asanasambe n'komwe.

"Kamlatho kanapita ndi madzi mu Febuluwale, adada. Koma akonza, no problem."

Akonza ndani?

"Boma."

Boma! Akundiuza ine za boma! Ine ndimagwira ntchito m'boma, fayilo ndimadziwa mmene imagonera pashelefu. Ndawafunsa chifukwa chake sananene za mtsinje. Akuti ndinafunsa ngati sukulu ili pafupi, za mtsinje sindinafunse. Munthu ameneyu amapita kutchalitchi!

Ndayesa njira yozungulira ndisanapite kuntchito. Kukwera chitunda mpaka kumsewu waukulu, kudutsa pachigayo, kudutsa matchalitchi atatu, kuwoloka pamlatho wa simenti, kenako kutsetserekanso mpaka kusukulu. Ola limodzi ndi mphindi khumi. Ine, munthu wamkulu wa miyendo italiitali, ndikuyenda ngati akundithamangitsa.

Kuti ndisachedwe kwambiri kuofesi ndakwera sakaramento, njinga yakapalasa ya khushoni kumbuyo ija. Pachitunda choyamba woyendetsa waima. "Tsikani dankha, bwana, tiyende pang'ono." Ndatsika. Pachitunda chachiwiri, chimodzimodzi. Pachachitatu wandipempha kuti ndikankheko kumbuyo. Ndalipira munthu kuti ndimuperekezere njinga yake m'tauni!

Kuofesi ndafika naini koloko. Abwana ayang'ana wotchi, ayang'ana thalauza langa.

Mpopi: mpweya wokhawokha. Ukaimika khutu umamva ngati munthu akutsokomola kutali. Amayi a nyumba yoyandikana akuti madzi amabwera teni koloko m'mawa n'kupita isanakwane thwelofu. Ndiye kuti madzi a kuno amadikira ndichoke kaye.

Lachitatu

Kwa ahedi, nthawi ya nkhomaliro. Mayi wabwino, wandilandira ndi manja awiri. Malo alipo, bola kalata yochokera kusukulu yakale. Mtima wanga pansi.

Kenako: "Mukukhala kuti, adada?"

Ndaloza pawindo. Nyumba yanga nayonso imaoneka bwinobwino kuchokera muofesi mwawo, ndi thaulo langa lili pachingwe tsiku lachinayi.

"Ooh, tsidya! Ana ang'onoang'ono a tsidya timawaona bwino mu Julayi, madzi akaphwa. Akuluakulu amavula yunifolomu n'kuwoloka, mabuku pamutu."

Akunena akumwetulira, ngati akundiuza tsiku lotsekera sukulu. Tadala wanga, amene amalira akaponda chithaphwi, mabuku pamutu!

Madzulo amake Tadala aimba. "Mwayesa kuyenda?" Ndayesa. "Mphindi zingati?" Pakamwa panga payankha pokha: khumi ndi zisanu. Akondwa. Akuti ayamba kale kufunsa makatoni kugolosale. Tadala walanda foni, akuti wauza anzake onse kuti akusamukira kwa adadi. Ndanama, ndipo zikundiwawa, koma amene wandinamitsa ndi Msiska.

Anthu amene ndakwiya nawo mpaka pano:
- Msiska.
- Mvula.
- Amene anamanga sukulu tsidya pomwe ana ali kuno.
- Amene anamanga nyumba kuno pomwe sukulu ili tsidya.
- Anthu onse a dera lino. Miyezi itatu akungoyang'ana mtsinje, wopanda ndi mmodzi yemwe wogwira hamala!

Chabwino. Mlathowo ndimanga ndekha. Ndi matabwa basi, si ndege.

Lachinayi

Kuofesi ndanena kuti dzino likundipweteka. Ndagula milimo iwiri ya bulugamu, misomali, ndi zigwagwa, makungwa otsala pocheka matabwa aja. Kuno matabwa ali mbwee, ndiye ulesi wa anthuwa ukundinyansa kwambiri. Ndapeza abambo awiri aganyu ndi wilibala.

Vuto: pamalo pa mlatho wakale mtsinje ndi wotambalala, milimo yanga sikufika. Ndayenda kutsika nawo pang'ono, ndapeza pamene wapanikizika, munthu wamphamvu akhoza kulumpha. Apa! Waganyu mmodzi wakanda m'mutu: "Apa, bwana? Mwafumba?" Ndifunse ndani? Mtsinje ndi wa Mulungu. Ndamuuza agwire ntchito. Wayang'anizana ndi mnzake, anena zawo m'Chitumbuka, aseka. Asekeretu.

Folo koloko mlatho watha. Wokongola! Ukugwedera pang'ono pakati, koma ndalumphapo katatu, uli nji. Tsidya munthu umatsikira m'kadimba ka mpiru ndi kabichi, koma pali kampata pakati pa mizere, ukayenda mosamala supondapo kanthu.

Kuchoka pakhomo mpaka pageti la sukulu: mphindi khumi ndi zinayi! Ndabwereza. Khumi ndi zitatu! Bodza langa la dzulo lasanduka zoona, n'kutsalako chenji. Ana obwera kokatunga madzi aima kundiyang'ana, ndawauza akauze anzawo kuti mawa palibe wovula yunifolomu. Ntchito imene yakanika dera lonse, mlendo waitha masana amodzi.

Kunyumba ndapeza khitchini ili nyanja. Ndinasiya mpopi wotsegula ndi ndowa pansi pake. Madzi anabwera, anadzaza ndowa, anadzaza khitchini, anapita. Sindikudandaula, lero ndine wosangalala.

Lachisanu

Zitsiru! Zitsiru zonse, kuyambira ineyo!

Ndapita masana kukaona mlatho wanga. Palibe. Milimo yagonekedwa pamtunda tsidya, zigwagwa zasanjidwa bwinobwino pambali, ndipo pamwamba pake pakhala mayi wina wachikulire, khasu lili pamiyendo. Kumbuyo kwake, pomwe dzulo panali dimba, pali msewu. Msewu weniweni wamatope, wotambalala ngati wa ngolo.

Dzina lawo ndi a NyaJere, dimbalo ndi lawo. Akuti m'mawa ana onse a tsidya lino anadutsa pamenepo, pambuyo pawo azimayi opita kuchigayo, ogulitsa makala ndi njinga zawo, sakaramento ziwiri, ndi munthu wina wokoka mbuzi.

"Imwe adada, ndimwe mwaika ichi? Mpiru wanga uli kuti? Kabichi wanga uli kuti? Mwabwera liti kuno?"

Takalipirana mtsinje uli pakati. Ine ndikuti ndathandiza dera. Iwo akuti dera lindithokoze ndiye, koma iwo adya chiyani? Ndikuti andibwezere matabwa anga. Akuti matabwawo ndi mpanda wa dimba tsopano. Ndakuwa kuti ndine wa boma. Ayankha kuti ndiye n'chifukwa chake. Anthu odzaonerera aseka mpaka kugwira m'mimba.

Amayi a nyumba yoyandikana ndi yanga aja andifotokozera madzulo, mochedwa ngati madzi awo. Dambo lonselo lili ndi eni ake, mzere uliwonse. Njira yowolokera ndi imodzi yokha imene anagwirizana kalekale, paja panali mlatho wakale. Matabwa a mlatho watsopano anasonkha kale, ali kwa abuloko lida, mkulu wa dera lino, akudikira madzi atsike kuti akumbe zipilala. "Mukanafunsa, adada." Aliyense kuno amadziwa zonse, koma amadikira uyambe walakwa.

Abuloko lida atumiza uthenga: nkhani yanga ndi a NyaJere ikambidwa sabata yamawa. Amake Tadala akufika mawa teni koloko. Makatani sindinagule.

Loweruka

Afika. Tadala watalika, dzino lakutsogolo lachoka, ine kulibe. Wandikumbatira pa depoti mpaka khosi kuwawa.

Ndati tikwere njinga zamoto mpaka kusukulu, aone kaye geti. Amake Tadala akana: "Mwana azidzakwera njinga yamoto tsiku lililonse? Tiyeni kunyumba, tikayambire pakhomo."

Nyumba aikonda. Khonde alikonda. Sukulu aiona, agwedeza mutu. Ayang'ana wotchi, tanyamuka. Mphindi zisanu ndi imodzi, dambo. Ayang'ana madzi, ayang'ana zitsa, ayang'ana ine.

"Mphindi khumi ndi zisanu zija munkauluka?"

Ndafotokoza zonse. Msiska, milimo, mpiru, mbuzi. Sanaseke, sanakalipe, ndipo zimenezo n'zoopsa kuposa kukalipa. Angoti tiyeni tizungulire, anabwera kudzafika pageti.

Ola limodzi ndi theka. Tadala watopera pachigayo, ndamunyamula paphewa mtunda wonse wotsala, mvula ikuwaza. Pageti amake andionetsa wotchi. Ndaona miyezi ina isanu ndi iwiri ya kudya ndekha, mwana ndikumumvera pafoni.

Tadala akuti ludzu. Amake alowa naye pa nyumba yoyandikana ndi mpanda wa sukulu kukapempha madzi. Ndasuzumira pampanda wa maluwa: pakhonde pakhala a NyaJere, akusankha nyemba! Ndabisala kuseri kwa mtengo wa mapeyala ngati wakuba.

Mphindi khumi. Theka la ola. Ola. Ndikumva "yewo, yewo chomene," kenako kuseka. Kuseka kwa azimayi awiri, kwautali, kopumira. Ndikudziwa bwino amene akusekedwa. Tadala watuluka ndi nthochi m'manja: "Adadi, agogo akuti mulowe, akukuonani miyendo."

Sindinalowe. Munthu ali ndi ulemu wake.

Lamulungu

Kutchalitchi sitinapite, miyendo yakana. Amake Tadala alengeza chigamulo akumwa tiyi.

Akusamukira ku Mzuzu kumapeto a mwezi uno. Ndangotsala pang'ono kugwetsa kapu. Koma osati m'nyumba ino. A NyaJere ali ndi nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa yawo, alendi anatuluka sabata yatha. Zimene zandikanika ine miyezi isanu ndi iwiri ndi ejenti, iwo azipeza popempha madzi akumwa.

Kuchokera kumeneko:
- Sukulu: mphindi zitatu, mwana akhoza kupita yekha.
- Madzi: mjigo uli pafupi, sudikira teni koloko.
- Masamba: kwa eni nyumba, akadzameranso.
- Minibasi: palibe. Takisi: palibe. Sakaramento sizitsikirako mvula ikagwa. Kufika kumsewu waukulu ndi mphindi makumi anayi, chitunda chokhachokha.

Ndati nanga ine kuntchito? Andiyang'ana modabwa. "Inu ndinu aakulu. Mwana ndiye sangayende."

A NyaJere aikanso mfundo zawo ziwiri. Ndikapepese ndekha pakhonde pawo, osati pafoni. Ndipo Loweruka likubwerali ndikagwire khasu, tikabzalenso mpiru. Zikatero kwa abuloko lida sitipitako. Munthu amene ndinamukuwira kuti ndine wa boma ndiye azindipatsa moni m'mawa uliwonse, ine ndikuyankha mwaulemu ngati mkamwini.

Ndafuna kukana. Ndinakonza kale mawu, abwino ndithu, okhudza ulemu wa mwamuna panyumba. Ndiye Tadala wafunsa ngati kunyumba yatsopanoyo ndizidzagona komweko masiku onse, kapena ndizidzangobwera pa holide. Ndati masiku onse. Wati chabwino, wapitiriza kudya buledi.

Ndawaperekeza ku depoti masana. Basi yanyamuka, mkwiyo ndikadali nawo, koma wouza palibe. Msiska sakuyankha foni.

Mawa ndipita kukapepesa ndikaweruka. Ndayesa kale mawu ake pagalasi kawiri, akutuluka movuta. Kuyambira mwezi wamawa ndizidzuka faifi koloko, nsapato za kuofesi m'jumbo, phazi m'matope, chitunda chonse mpaka kumsewu. Madzulo ndizitsika chitunda chomwecho, ndipo pansi pake pazikhala mwana wondithamangira.

Ndivomera. Koma ndalemba pano kuti ndavomera ndili wokwiya.