Wigi M'malo mwa Hijabu

Nkhani iyi ndikaikumbuka nkhope imanditentha, koma ndiinena basi, mwina manyaziwo angachepe.

Ine ndine nesi kuno ku Perth, ku Australia, ndipo ndakhalitsa. Vuto la munthu wokhalitsa kunja ndi loti amayamba kudziona ngati loya. Aliyense wongofika kumene amathamangira kwa ine, inenso yankho silindisowa.

Ndiye kunabwera Asiyatu, mwana wa mnzanga wa kusekondale, wa ku Mangochi. Mtsikana waulemu, Msilamu wopemphera, hijabu sichoka kumutu. Anaitanidwa ku intavyu kunyumba ina yosamalira okalamba, ndipo viza yake inkadalira ntchito imeneyo. Kulephera kunali kubwerera kumudzi.

Sabata yomweyo pagulupu ya WhatsApp ya amayi a kutchalitchi kwathu panayenda kavidiyo koti azungu salola hijabu m'zipatala za boma. Sindinafunse kuti azungu ake a kuti. Kwa ine kunja kunali kunja basi.

"Mwana wanga, chakumutuchi uchisiye kaye," ndinamuuza. "Lamulo lasintha."

"Zoona, anti? Chiyambire sitandade faifi sindinayendepo pagulu mutu uli pamtunda."

"Ukufuna ntchito kapena ukufuna ndege?"

Misozi inali lengelenge m'maso mwake. Zinandikhudza, ndiye ndinabwera ndi nzeru: ndinamubwereka wigi yanga ya Lamulungu.

"Tsitsi lako likhalabe lobisika. Mulungu aona kuti wayesetsa."

Wigiyo inamukulira, inkachita kutsikira m'maso, koma ndinamutsimikizira kuti akuoneka professional.

Ndinamuperekeza, n'kukhala pa risepushoni. Chitseko chitatseguka, manijala anatuluka kudzamutenga. Mayi wamtali, suti yakuda, kumutu hijabu yobiriwira.

Thukuta linayamba kutsika kumsana kwanga, eyakoni ikuzizira bwinobwino.

Patapita nthawi anatuluka onse awiri. Asiyatu anali atavala hijabu yake, imene anaibisa m'chikwama. Wigi yanga anainyamula kumanja ngati nkhuku yakufa.

"Ndinu anti aja odziwa malamulo?" manijala anandifunsa m'Chingerezi, akumwetulira.

Ndinavomera ndi mutu.

"Lamulo mukunenalo lilipodi, koma ndi la ku France. Ine ndinabadwira komweko. Ndinaphunzira unesi, koma chipatala cha boma sichikanandilola kugwira ntchito nditavala chonchi, ndiye ndinasiya makolo anga n'kubwera kuno. Lero ndikuona mtsikana akulowa mu ofesi mwanga atasenza tsitsi la eni. Ndadabwa kuti lamulo lija landilondola bwanji mpaka ku Australia."

"Linakwera WhatsApp, madam," ndinayankha chapansipansi.

Manijala anaseka mpaka kugwira khoma. Asiyatu sanaseke.

Ntchito anaipeza. Pobwerera ine maso anangoti pamsewu ngati ndayamba dzulo kuyendetsa. Titaima pa maloboti, Asiyatu anatembenukira kwa ine.

"Anti, ine sindinaope lamulo ayi. Ndinakhulupirira inuyo."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndinapepesa kuchokera pansi pa mtima. Chimene boma la France silikanatha kumuchita mwanayu ali kuno, ndinamuchita ndine, mwaulere, ndiponso mwachikondi.

Masiku ano munthu akabwera kudzandifunsa za malamulo a azungu, ndimayamba ndatsegula mapu.