Geji ya Mafuta ndi Ukwati wa Mwana wa Abwana

Pali ukwati umodzi mu Lilongwe muno umene anthu akayamba kuukamba, ine ndimakumbukira kuti ndili ndi kopita.

Zinachitika m'zaka zimene boma linkasamuka ku Zomba kubwera kuno. Ife a m'maofesi anatinyamula pamodzi ndi mafayilo n'kudzatikhuthula m'nyumba zonunkha penti za ku Area 11, pakati pa tchire. Chuma chimene ndinabwera nacho chinali chimodzi: galimoto yakuda yakalekale, yamphuno yaitali, ya mipando yachikopa. Ndinaigula kwa mzungu wina amene anasankha kubwerera kwawo kusiyana n'kudzadya fumbi la Lilongwe. Kukongola kwake ngati ya nduna. Mavuto anali awiri okha. Thanki ya mafuta inkadontha, ndipo geji inafa kalekale, kamuvi kake kanangogona pansi ngati kakudwala malungo.

Akazi anga anati ndipite nayo kwa amakaniko ku Old Town. Ndinawakumbutsa kuti anakwatiwa ndi munthu wophunzira (ntchito yanga inali yodinda makalata, komabe sukulu ndi sukulu). Loweruka lina ndinalowa pansi pa galimoto ndi sipanala n'kutsitsa thanki, petulo akundiyenderera m'khwapa. Pobowoka paja ndinamatapo sopo wosakaniza ndi shuga, nzeru imene ndinaitola m'basi.

Kenako ndinasolola kachitsulo ka geji kamene kamakhala m'kati mwa thanki. Kunsonga kwake kumakhala kampira koyandama: mafuta akachuluka kamakwera, akachepa kamatsika, kamuvi n'kumatsatira. Kampira kanga kanali kobowoka, komira. M'malo mwake ndinamangirirapo chotsekera fulasiki ya akazi anga (tiyi wozizira sanaphepo munthu) n'kubwezeretsa zonse. Zoti kachitsuloko kali ndi mbali yoyang'ana kumwamba ndi ina yoyang'ana pansi, sindinafunse. Ndikanafunsa ndani, poti katswiri ndinali ine?

Nditathira chigubu chimodzi cha petulo, kamuvi kanadzuka mpaka kupitirira theka. Mlungu wonse ndinkapita ku Capital Hill n'kubwera, kamuvi kakungokwera pang'onopang'ono. Munthu wamba akanadabwa. Ine ndinafotokozera anzanga ku ofesi kuti geji yatsopano imayamba yazolowera kaye, komanso kuti galimoto za ku Mangalande sizimwa mafuta, zimangonunkhiza.

Kudzitamaku kunafika m'makutu mwa abwana anga, a Mhango, mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi, munthu amene sankaseka nthawi ya ntchito. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa Loweruka la mlungu womwewo, ndipo anapempha kuti galimoto yanga idzanyamule akwati kuchokera ku tchalitchi ku Old Town kukawasiya kunyumba kwawo ku Area 10. Anafunsa ngati inali yodalirika. Ndinawayankha kuti ndangoikonza kumene ndi manja anga. Panthawiyo ndinkaona ngati limenelo ndi yankho lolimbitsa mtima.

M'mawa wa tsikulo akazi anga, akumanga maliboni pa boneti, anati, "Bambo a Chikondi, bwanji tidzere kaye pa pampu?"

Ndinawalozera kamuvi, kali njo pa chizindikiro cha kudzaza, n'kuwafunsa ngati mafuta enawo tiwathire m'thumba la jekete. Anangopitiriza kumanga maliboni.

Ku tchalitchi zonse zinayenda bwino. Tinanyamuka ine patsogolo, akwati kumbuyo kwanga, mdipiti wa magalimoto ukuimba mahutala. Tinawoloka mlatho n'kulowa msewu wa ku City Centre, umene masiku amenewo unkangodutsa m'thengo, kopanda sitolo, kopanda pampu. Galimoto inasankha pamenepo. Inatsokomola, n'kunjenjemera, n'kukhala chete. Amayi a m'magalimoto a m'mbuyo anapitiriza kuimba poganiza kuti kuimako kunali pa pulogalamu.

Ndinatsegula boneti n'kuyamba kugwiragwira mawaya ndi nkhope ya dokotala. A Mhango anafika atavala suti yawo yaukwati n'kufunsa chapansipansi ngati mafuta alimo. Apa munthu wanzeru akanakhala chete. Ine ndinawaitanira pa windo kuti adzionere okha geji. Sanatsutse. Anathyola udzu wautali m'mbali mwa msewu, n'kuupisa m'thanki, n'kuutulutsa uli wouma ngati mmene unalowera. Anauyang'ana kwa kanthawi.

"Achimwene, geji yanu sikunama," anatero. "Thankiyi ndi yodzaza ndithu. Yadzaza mpweya."

Akwati anawasamutsira m'galimoto ya a Mhango. Azakhali awiri a mkwatibwi amene anatsitsidwa kuti malo apezeke anawasiya ndi ine. Anakhala pa mipando yachikopa ija, manja pamiyendo, n'kuyamba kundikambirana m'Chitumbuka. Chitumbuka sindichidziwa kwenikweni, koma mawu oti "chindere" safuna womasulira.

Amene anatimvera chisoni anali dalaivala wa lole yonyamula njerwa za maofesi atsopano. Anatimangirira ndi chingwe n'kutikoka mpaka ku Area 10, fumbi lonse lofiira likuthera pa ife. Tinalowa pa geti perekaniperekani ali m'kati, lole patsogolo, ife pambuyo ndi maliboni athu. Amayi ena anayamba nthungululu poganiza kuti njerwazo ndi mphatso ya akwati yomangira nyumba, ndipo zinatengera a Mhango eni ake kuimirira kuti afotokoze.

Lolemba abwana sananene kanthu za ukwati. Kungoti kuyambira tsikulo, ndikawauza kuti fayilo yatha, ankaitsegula n'kuwerenga tsamba lililonse ine ndili chiimire. Sopo uja anasungunuka ndi mvula yoyamba. Geji ndinaisiya momwemo, ikati mafuta adzaza ine ndinkathamangira ku pampu.

Phunziro ndinalitolapo, musaganize kuti ndine wouma mutu: zinthu za petulo n'zofunika kusiyira eni ake. N'chifukwa chake mwezi wotsatira, mabuleki atayamba kulira, ndinayamba ndaonetsetsa kuti m'menemo simudutsa petulo, kenako ndinatenga sipanala.