Tsiku Limene Apongozi Anandibereka

Mpaka lero ndikamadutsa m'munda wa tiyi wa kumtunda, amayi otchola masamba amaimitsa ntchito n'kundifunsa za msana. Musaganize kuti ndi chifundo.

Ine ndine kalaliki wa pa sikelo pa esiteti ina kuno ku Thyolo, ndipo ndili pachikamwini ku Khwethemule. Apongozi anga aakazi anayamba kutchola tiyi ine ndisanabadwe. Timalemekezana monga mwa mwambo: tikakumana panjira wina amapatuka, kuyang'anana kumaso ayi, kugwirana chanza ndiye musanene.

Tsiku lina ndinawamva kuseri kwa nyumba akuuza mwana wawo kuti, "Amuna akowa ndi abwino, koma mphamvu zawo zinathera ku cholembera." Ndisaname, mawu amenewo anandiwawa.

Ndinayamba kuonera pa foni anyamata onyamula zitsulo. Poyamba ndinkadzikoka pa nthambi ya mpeyala kasanu m'mawa uliwonse. Kenako ndinkatero nditabereka chikwama cha mchenga. Kenako ndinathira simenti m'zitini ziwiri za penti, paipi pakati, n'kumanyonyomala chitsulo chimenechi chili pamapewa, kapena kuchidzutsa pansi msana uli chilili (anyamata a pa foni salola msana wopindika). Patatha miyezi inayi malaya anayamba kundithina. Ndinkayenda mikono ili patali ngati ndili ndi zithupsa m'khwapa.

Mwayi wodzionetsa unafika Loweruka lina. Galimoto inatsitsa matumba awiri a feteleza a apongozi kumsewu, kumunsi kwa phiri. Akazi anga anali atapita kumaliro. Kunja kunali chiperoni, kamvula kaja kongowaza koma kosasiya.

"Tidikire wa njinga, bambo," anatero apongozi akuyang'ana kumbali.

"Ayi amayi, ndinyamula ndine. Onse awiri."

"Awiri?"

"Awiri."

Wa galimoto anandisenzetsa, lina phewa ili, lina phewa ilo, ndipo ndinaima njii. Chimene anyamata a pa foni sanandiuze n'chakuti iwo amanyamula kasanu, n'kutula, n'kumwa madzi. Njira ya kwathu ndi yokwera, yoterera, ndipo siidziwa kasanu. Titafika pakati pa mizere ya tiyi phazi linatsetsereka, msana unalira, ndipo ndinagwa chagada m'matope. Kudzuka kunakanika.

Apongozi anaima chapatali akuyang'ana mitengo ya bulugama, kudikira kuti mwina padutsa mwamuna. Sipanadutse munthu. Mvula inkakulirakulira, ine ndikubuula.

"Pepani bambo," anatero pomaliza, "mwambowu tiupepesa mawa."

Anamasula chitenje chapamwamba, anagwada, n'kundibereka monga amaberekera dengu la masamba. Anakwera nane phiri lonse osapumira paliponse (ine, munthu wa ndevu, miyendo ili lendelende).

Tsoka ilo, njirayo imadutsa pamene ankatchola amayi omwe ndimawayezera masamba tsiku ndi tsiku.

"Amayi, tsamba lalikulu chotero mwalitchola kuti?" anakuwa mmodzi. "Kalikwezeni pa sikelo!"

"Nanga ayeza ndani?" anayankha wina. "Kalaliki wake ndi yemweyo!"

Ndinatseka maso. Manyazi anaposa ululu, ndipo ululuwo sunali wamasewera.

Atandigoneka pamphasa, apongozi anatsika kawiri kukatenga feteleza wawo, thumba pamutu, manja ali pansi. Madzulo ndili chigonere ndinawamva akusesa pakhonde. Ndinalimba mtima, poti ndinkafunabe kamawu kamodzi kotamanda miyezi inayi ija.

"Amayi," ndinatero kudzera pachitseko, "koma ndinakulemerani kwambiri, eti?"

Tsache linaima kaye.

"Ayi bambo, musadandaule. Dengu lonyowa ndi mvula limakuposani."

Ndimati msana ukapoleratu ndiyambiranso, musawauze akazi anga. Vuto n'lakuti chitsulo changa chija pano chikupsinja malata pa khola la nkhuku la apongozi. Anachikweza okha.