Amene Anamanga Mwendo wa Amake Tadala

Nkhani iyi kumudzi kwathu amaidziwa mwanjira ina, ndipo ine ndakhala ndikuisiya choncho chifukwa njira imeneyo imandikomera. Lero ndinene zoona, mwina zinditsika pakhosi.

Ine ndimagwira njoka. Si ntchito yolipidwa ayi, ndi yongodzipereka. Anatiphunzitsa pa boma pa Mwanza, n'kutipatsa ndodo yachitsulo yokowera, ndowa yachivindikiro ndi tisheti yobiriwira. Njoka ikalowa m'khola la mbuzi kapena m'nkhokwe kuno kwa Kanduku, anthu amandiitana, ine n'kukaikowa, n'kukaitaya kuphiri ili yamoyo. Ena amati ndinatemera, ena amati mutu wanga sukoka bwino. (Apongozi anga ali m'gulu lachiwirili mpaka lero.)

Koma chimene ndinkachikonda kwambiri n'kuphunzitsa. Abale, ndinkalankhula ine! Kutchalitchi akangoti zolengeza, ndaima kale. Kusikelo ya ana, ndilipo. Phunziro lake losavuta: munthu akalumidwa musamange mwendo, musateme pabala, musayamwe, musataye nthawi kusaka njokayo. Mukhazikeni mtima pansi, asayende yekha, mumunyamule msanga kupita kuchipatala. Ndinkachita kuwerenga pa zala.

Tsiku lina pamsonkhano anakweza dzanja a Zuze, neba wathu, bambo wachikulire amene anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo n'kukhazikika konkuno.

"Shamwali, ife kutchire kuja tinkamanga ndi luzi, ndipo ena anapulumuka," anatero.

"Anapulumuka ndi chisomo, a Zuze, osati luzi lanulo," ndinayankha. "Mwendo wa munthu si thumba la chimanga loti muzilimanga kukamwa."

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. A Zuze anangovula chipewa, n'kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Ine ndinapita kunyumba ndikudzimva udokotala.

Ndiye inafika nyengo yokumba mtedza. M'mawa wina ine ndi mkazi wanga, amake Tadala, tinali kumunda, kutsidya kwa khwawa, kamtunda ndithu kuchokera kumsewu. Iwo ankatembenuza milu ya mtedza umene tinazula dzana lake kuti uume bwino. Ndinangomva, "Mayo ine! Bambo a Tadala, chandiluma!" Pothamangira ndinaiona ndi maso angawa: mphiri yonenepa, ikukwawa mwaulesi kulowa m'udzu. Pamwamba pa phazi lawo, pafupi ndi zala, panali timabala tiwiri tikuchucha magazi.

Zimene ndinachita ndizinena mwandondomeko, monga momwe ndimaphunzitsira.

Choyamba, ndinakuwa kuposa wolumidwayo. Chachiwiri, ndinathamangira panjinga yanga, n'kumasula mphira yomangira katundu, n'kuwamanga nayo m'munsi mwa bondo. Ndinazunguliza katatu n'kukoka zolimba, monga timamangira matumba a manachesi opita ku Blantyre.

"Inu, si paja mumati tisamamange?" anafunsa amake Tadala, misozi ili chuchuchu.

"Khalani chete! Zimenezo n'za pamsonkhano!"

(Mawu amenewa anatulukadi pakamwa panga. Ndayesa kuwakana mumtima, koma mboni ilipo, ndimakhala nayo nyumba imodzi.)

Chachitatu, ndinatola khasu n'kulowa m'udzu kukasaka mphiri ija. Ine amene, mpulumutsi wa njoka, ndikutukwana, kumenya zitsa ndi miyala yosalakwa. Sindinaipeze. Nthawi imene ndinataya mmenemo sindiidziwa, koma pobwerera phazi linali litatupa, khungu likuchita kunyezimira. Apo mantha anandigwira zenizeni. Ndinaona kuti mkazi wanga ataya mwendo, mwinanso moyo umene. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kampeni kosendera chinangwa kuti nditeme pabala.

Ndinangomva munthu wandigwira pamkono. Anali a Zuze. Munda wawo ndi woyandikana ndi wathu, ndipo kukuwa kwanga anakumva.

"Aphunzitsi, bweretsani mpeniwo."

Ndinapereka.

"Tsopano masulani mphirayo."

"Ayi! Poizoni akwera kumtima!"

"Munatiuza nokha kuti..."

"Mkazi ndi wanga uyu, a Zuze! Akafa mudzandipatsa wina?"

Sanalimbane nane. Anaimbira foni munthu wa njinga yamoto kuti atidikire kumsewu, ndipo awirife tinawanyamula amake Tadala kuwoloka khwawa. Mkuluyo, ndi msana wake wovuta uja, sanadandaule ngakhale kamodzi. Njira yonse ankangoti, "Pumani bwino mayi, tifika." Mawu amene ndinayenera kunena ine. Mphira ija tinafika nayo kuchipatala ili chimangire.

Mmene timafika, phazi linali litada bii. Adokotala anamasula mphirayo okha pang'onopang'ono, n'kuwapatsa mankhwala. Zinthu zitakhazikika, namwino anatembenukira kwa ife.

"Anamanga chonchi ndani?"

Ndinali nditavala tisheti yobiriwira ija. (Inde, ndinkalima nayo, kuti odutsa azidziwa.)

"Ndinamanga ndekha," anatero amake Tadala, maso ali kudenga.

Namwino anagwira m'chiuno. "Mayi, amuna anu amayenda midzi yonse kuphunzitsa zimenezi, inu a m'nyumba momwemo osamva? Mphiri imawononga mnofu pamene yalumapo. Mukamanga, poizoni amaunjikana malo amodzi, magazi osayenda. Mwadzipweteka nokha." Kenako anandiyang'ana ine mwachifundo. "Pepani bambo, inu mumayesetsa."

Ndinagwedeza mutu. Ndinaima pamenepo, abale, n'kulandira chipepeso, mkazi wanga ali gone pabedi akukalipiridwa mlandu wanga. Manyazi a tsiku limenelo sanandichokebe.

Anakhala m'chipatala milungu itatu. Mwendo unapulumuka, tithokoze Mulungu, koma chala chachikulu ndi chinzake chotsatira anadula. Ndinafunsa adokotala ngati zalazo zikanapulumuka pakanapanda mphira. Anati mwina, mwinanso ayi. "Mwina" ameneyo amandidya mpaka lero.

Tsiku lotuluka, tikudikira galimoto, ndinawafunsa amake Tadala chifukwa chimene ananamira.

"Mukuyesa ndinkakumverani chisoni inu?" anatero. "Ayi ndithu. Anthu akamva kuti aphunzitsi anamanga mkazi wawo, mawa mwana wa eni ake akalumidwa amumanga, ati ngakhale iwo aja amamanga. Zala zanga zapita kale. Musapititsenso za ena."

A Zuze nawo sanauze munthu. Ndinapita kwawo ndi nkhuku kukapepesa za pamsonkhano zija. Anailandira, n'kuiyesa kulemera kwake m'manja, n'kungoti, "Mantha alibe sukulu, shamwali."

Ndiye ndikuululiranji lero? Chifukwa kumjigo akazi anzawo amawanena amake Tadala kuti ndi osamva, ndipo ana akawaona akutsimphina amalozerana. Mayiwa saulula zoona zake, ine n'kumapatsidwabe mpando wakutsogolo. Zanditopetsa. Anamanga ndine. Ndimaphunzitsabe, njoka ndimagwirabe, koma masiku ano ndimawonjezera mfundo imodzi: wolumidwayo akakhala wako, nzeru zimathawa, choncho itanani neba msanga ndipo mumumvere, ngakhale akhale amene munamuseka pagulu.

Kaya ndinaphunziradi kuganiza ndisanachite kanthu, sindikudziwa. Mwezi watha ndili pamsika wa pa boma ndinaona mapatapata ofiira okongola, n'kuwagulira mayiwa mwachikondi. Ndinafika nawo kunyumba ndikumwetulira. Anawatembenuza uku ndi uku, n'kuyang'ana phazi lawo lija, kenako n'kundiyang'ana ine.

"Zikomo, bambo a Tadala. Nanga ndipanira ndi chiyani?"

Iwo anaseka. Ine ndinatuluka panja.