Taye Yanga M'kapu ya Kachasu

Mpaka lero sindinaiwale tsiku limene ndinakaonekera kwa apongozi. Mlandu wonse ndi wa mphuno yangayi.

Ndimagwira ntchito yolawa tiyi pafakitale ina kuno ku Thyolo, ndipo mphunoyi ndimainyadira (mwinanso mopyola muyeso). Mowa sindimwa. Lamlungu limenelo ndinkapita ku Makwasa kwa makolo a chibwenzi changa, Esinati. Bambo ake ndi mkulu wa mpingo wa Sabata, ndipo iye anali atandichenjeza kale: "Adadi akangomva kafungo ka mowa, basi zathera pomwepo."

Ndinadzera kwa azakhali ku Masambanjati kuti andione nditatchena, taye ili pakhosi. Ndinawapeza kuseri akutcheza kachasu wa nthochi, chimfine chitawatseka mphuno.

"Wabwera bwino iwe," anatero. "Tanunkhiza apa, undiuze ngati mutu watha."

Mutu ndi madontho oyamba aja, aukali, obaya m'mphuno ngati mankhwala osungunulira penti. Ukatha kumabwera kachasu wonunkhira nthochi zakupsa, ndipo wotsiriza amanunkha thumba lonyowa. Ndikanatha kukana, koma kudzimva ukatswiri kunandipha. Ndinawerama pakamwa pa paipi, taye n'kumira m'kapu. Podzidzimuka ndinagunda kapuyo, yonse khuthu pamalaya.

Ndinatsuka ndi madzi, fungo osachoka. Ndinapaka ndimu, fungo likungondiseka. Azakhali anandithira pafyumu wawo, ndiye ndinayamba kununkha ngati chidakwa chimene chikupita ku ukwati. Pamsewu ndinagula phava la nthochi kuti wina akamva kanthu aziti ndi zimenezo (musandiseke, munthu wamantha saganiza).

M'minibasi kondakitala anandiyang'ana mwachifundo. "Abwana, m'mawa uno mwayamba kale?" Mayi wina anasuntha mwana wake.

Pofika kwawo kwa Esinati ndinali nditafa kale ndi mantha. Ndinakhala pafupi ndi khomo, ndikuyankha moni mongofinya milomo, chonsecho pakamwapo panalibe mlandu. Kenako abambo aja anati tigwade tipemphere, n'kusanjika dzanja paphewa langa. Pemphero lili mkati anaima. Ndinawamva akukoka mpweya. Anapitiriza, koma "Amen" wake anabwera msanga.

"Bambo, tiyeni mukaone dimba langa," anatero.

Tisanafike n'komwe pa mapapaya ndinaulula zonse, za azakhali, za chimfine, za kapu. Ndinkadziwa kuti Esinati ndamutaya. Iwo anagwira taye, n'kuiika pamphuno, maso atatsinzina, nthawi yaitali ndithu.

"Simukunama. Mowawu mukanamwa bwenzi fungo likutuluka m'kamwa," anatero. "Komanso uwu ndi mutu, munthu wanzeru samwa. Nthochi zake za sukari." Ananunkhizanso. "Koma azakhali anuwo moto akuuchulutsa. Wapserera pansi."

Tinayang'anana. Mkulu wa mpingo uja anasiya taye yanga pang'onopang'ono, n'kutsokomola.

"Amayi m'nyumbamo zimenezi asazimve."

"Za ine, bambo?"

"Za tonse."

Esinati ndinamukwatira. Iye amadabwa kuti ine ndi bambo ake sitinakanganepo ngakhale kamodzi, ndipo amauza anzake kuti ndi mphamvu ya pemphero. Ine ndimangovomera. Phunziro lenileni sindinatolepo, kupatula lakuti palibe ulemu wolimba kuposa wa anthu awiri oopana.