Tsiku Limene Apongozi Anandikhalira Pamsana

Nkhani iyi ndimayenera kufa nayo. Koma poti kuno ku Bembeke ngakhale mbuzi zikuidziwa, bola ndiinene ndekha ena asanawonjezere zawo. Ndi yamanyazi, ndikuuzirenitu. Komabe mukaimva mpaka kumapeto, muvomereza kuti amene anawina ndine.

Ine ndinabadwira ku Kawale, kukulira ku Kawale, ndipo moyo wanga wonse ndinali pa lendi. Ntchito ya udalaivala itatha, mkazi wanga, make Tadala, anandikhazika pansi.

"Bambo a Tadala, tizingonenepetsa malandilodi mpaka liti? Kwathu malo alipo. Tiyeni tikamange."

Tinapita kukaona. Abale inu, malo! Poloti ya nyumba pamtunda, mphepo yozizira bwino, ndipo kumunsi kwake tchire lalikulu loti silinaonepo khasu kwa zaka zambiri. Nditaima pamenepo ndinayamba kale kuona matumba a mbatata ya kachewere akukwera lole. Ndinavomera tsiku lomwelo.

Anzanga a pabawo ku Kawale ndi amene anandisokoneza mutu.

"Aise, chikamwini ndi imvi zimenezi? Malo a kuchikazi si ako. Umanga, ukhoma malata, kenako tsiku lina alamu ako adzabwera ndi makasu n'kukuuza kuti tenga bulangete lako uziona msewu!"

Ndinaseka nawo, koma kunena zoona mawuwo anandilowa. Ndinapita nawo kumudzi, ndipo tsiku lililonse ndinkadzuka nawo.

Nyumba tinamanga. Malata, sola padenga, TV pabalaza. Ine monga munthu wa m'tauni ndinaika mtima pa security: zitsulo m'mawindo onse, maloko akuluakulu, ngakhale chimbudzi chinali ndi loko wake. Nditamva kuti lamulo la achitetezo cha m'mudzi muno ndi lakuti wezulo ikalira aliyense amasiya chimene akuchita n'kuthamangira komweko, ndinakagula yanga ku Boma. Osati wezulo wamba, koma ija ya malifali, yoboola m'makutu. Ndinkayenda nayo m'khosi ngati korona.

Anthu anandilandira bwino, sindinganame. Mlamu wanga Yohane, mchimwene wake wa mkazi wanga, ankabwera kudzacheza. Apongozi anga aakazi, a Nabanda, ankatitumizira nyemba ndi mapichesi. Iwowa ndi mayi ochepa thupi, aulemu kwambiri, ndipo mwambo amausunga mosaphonya. Ine ndi iwo sitinkayang'anana m'maso, sitinkagwirana chanza. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kumanzere, ine kumanja, moni n'kumapatsana aliyense atayang'ana mtengo wake.

Vuto linali tchire lija. Mvula itangosiya, nthaka ikadali yofewa, ndinalengeza kuti mphanje imeneyo ndiswa ndekha.

"Tipemphe anthu atithandize," anatero make Tadala.

"Ayi! Azinena kuti mkamwini wa m'tauni ndi waulesi? Ine ndine mwamuna."

Ndinalimbana nalo tchirelo masiku angapo. Malo amene ndinalima, mutayala mphasa ikanaphimba onse. M'manja munali matuza okhaokha, msana unkalira ngati chitseko chakale.

Ndiye pamene ndinayamba kuona zinthu zachilendo.

Tsiku lina ndinapeza Yohane ndi amuna ena ataima m'malire mwa munda wanga, akuloza uku ndi uku, wina akuyeza ndi mapazi. Atandiona anasiya msanga kuloza kuja.

"Alamu, mwaswera bwanji?" anatero Yohane, akumwetulira mopitirira muyezo.

Tsiku linalo ndikudutsa pakhomo pake ndinamva chitsulo chikulira. Amanola makasu ndi zikwanje. Kwa apongozi nako amayi anali pikitipikiti, mbiya za thobwa zili pamoto. Mkazi wanga ankapita komweko n'kubwera akuyimba.

"Kuli chiyani kwa amayi?"

"Palibe."

"Nanga thobwa lonselo?"

"Ndi thobwa basi."

Apa ndinadziwa kuti anzanga a pabawo aja sananame. Munda auyeza, zida anola, ndipo thobwa la chikondwerero aphika kale. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti ngakhale make Tadala anali m'chiwembucho. Mtima unandiwawa, ndipo mantha anandigwira enieni.

Loweruka m'mawa ndinadzuka n'kupeza mkazi wanga kulibe. Kunja kunali chifunga chija cha kuno, choti ukatambasula dzanja zala sukuziona bwino. Chisanu chinali choluma, choncho ndinavala chipewa changa cha ubweya, chija chophimba nkhope yonse n'kungosiya maso, ndi kutuluka kukaona kunja.

Ndinamva nyimbo. Kenako m'chifungamo munayamba kutuluka zithunzithunzi za anthu. Amuna, gulu lonse, makasu pamapewa, nkhwangwa, zikwanje! Patsogolo panali Yohane, akulamula ngati mkulu wa asilikali.

"Inu yambirani kumtunda uko! Enanu zungulirani kumunsi, tikumane pakati!"

Mayo ine! Andizungulira!

Ndinathamangira m'nyumba. Munthu ukamathamangitsidwa sutenga zonse, umasankha. Ndinavala jekete yanga ya paukwati pamwamba pa zovala zogonera. Ndinazula TV, kuikulunga m'bulangete, n'kuipanira m'khwapa. Kenako ndinakumbukira lamulo lija. Achitetezo! Ndinatsegula zenera n'kuimba wezulo ndi mpweya wanga wonse.

Priiiii! Priiiii! Priiiiiii!

Chimene sindinachiganize n'chimodzi chokha. Wapampando wa achitetezo cha m'mudzi muno ndi Yohane. Ndipo achitetezo onse, mpaka womaliza, ndi amene anali m'munda mwanga ndi makasu.

Nyimbo inaduka.

"Wezulo! Kwa alamu! Kwalowa wakuba!"

Ndinamva mapazi ali dididi kulunjika kunyumba kwanga. Ine kumva choncho ndinati basi nkhondo yayamba. Ndinatulukira khomo lakuseri, liwiro!

Tsopano taganizani zimene anthuwo anaona. Wezulo yalira. Pakhomo lakuseri patuluka munthu wobisa nkhope, wanyamula chinthu chokulunga m'bulangete, akuthawa.

"Uyo! Uyo! Wanyamula TV ya alamu!"

"Mugwireni! Asafike kumsewu!"

Apa ndiloleni ndidzitame pang'ono. Ine ndine bambo wa mimba yake, ndinali nditavala masilipasi, TV m'khwapa. Koma anyamata olima kachewere, amene amakwera mapiri ndi matumba pamutu, ndinawasiya! Ndinadumpha ngalande, kudutsa m'munda wa kabichi wa eni ake, kulowa m'mapaini. Silipasi imodzi inatsala m'matope, sindinaitsanzike n'komwe. Ndipo chifukwa cha mantha ndinkaimbabe wezulo ndikuthamanga, kuitana thandizo. Anthuwo, poti m'chifunga sankaona bwino, ankangotsatira kulira kwake.

"Alamu ali patsogolo, akumuthamangitsa! Limbani mtima alamu, tikubwera!"

Nditatulukira pa kanjira kopita kumsewu ndinati ndapulumuka. Osadziwa kuti kanjira komweko mukubwera amayi, zidebe za thobwa pamutu. Ena anakuwa n'kumwazikana. Koma mmodzi, wochepa thupi, anatula chidebe chake pansi mosamala, osataya ngakhale dontho, n'kutola mtengo woyangira nyemba umene unali pambali.

Anangouponya pakati pa miyendo yanga.

Ndinauluka. TV ndinaikumbatira ngati khanda, n'kugwa chammbali, kenako chafufumimba. Ndisanapume, munthu anandikhalira pamsana, bondo lake pakhosi panga, dzanja langa atalipindira kumbuyo.

"Ndamugwira! Bwerani kuno! Iwe galu iwe, ukaba kwa mkamwini wanga? Munthu wavutika moyo wake wonse kuti apeze kanthu kameneka!"

Mawuwo ndinawazindikira. Ndinapemphera kuti nthaka ya Bembeke ing'ambike ndilowe.

Amuna aja anafika ali wefuwefu. Yohane anawerama, kugwira chipewa changa, n'kuchizula.





"Alamu?"

Apongozi anasuzumira kuti aone nkhope ya wakubayo. Kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo, ine ndi a Nabanda tinayang'anana m'maso. Pafupi kwambiri.

Sindinaonepo munthu wamkulu akudzuka mwachangu chotero. Anadziphimba kumutu ndi chitenje, kuthamangira kuseri kwa mtengo wa paini, n'kugwada atayang'ana kwina. Kenako, ndi mawu aulemu onse a padziko lapansi, anati:

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu amayi," ndinayankha, m'kamwa muli dothi.

Yohane, munthu wabwino, anandipezera khomo lothawira.

"Aaa, ndamva tsopano! Alamu anamupeza wakubayo n'kumulanda TV! Walowera kuti, alamu?"

Ndinaganiza msangamsanga. Ndinakweza dzanja n'kuloza chakumapiri. Anyamata anali atayamba kale kuthamangira komweko pamene mkazi wanga anatulukira pakati pa amayi aja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku phazi lopanda silipasi.

"Taimani kaye. Bambo a Tadala, wakuba ameneyu, pothawa anakuvekaninso jekete ya paukwati?"

Basi. Game inathera pomwepo. Ndinaulula zonse: za anzanga a pabawo, za kuyeza munda, za kunola makasu, za thobwa.

Kuseka kumene kunabuka pamenepo! Amuna akuluakulu anagwa pansi, ena akugwira m'mimba, wina mpaka analira misozi. Yohane anachita kutsamira khasu kuti asagwe.

"Alamu, ili ndi dima! Amayi anaona mmene mukuvutikira ndi mphanje ija, ndiye anaphika thobwa n'kuitana mudzi wonse kuti tidzakulimireni tsiku limodzi. Tinabisa chifukwa mukanakana, inu ndi kunyada kwanuko. Munamva kuti zoti munthu wofuna kumuthamangitsa amayamba amulimira munda?"

Kuseri kwa mtengo kunamveka kutsokomola. Apongozi anayankhula, akuyang'anabe kwina.

"Yohane, auze apongoziwo kuti m'dengu langamo muli mbande za mapichesi ndi mapeyala. Ndawabweretsera kuti adzale okha ndi manja awo pakhomo pawo. Mlendo sadzala mitengo. Iwowa pano ndi pawo, ndi ana awo."

Pamenepo kuseka kunandithera, m'maso munadzaza misozi. Zaka zonse za lendi zija palibe anandiuzapo kuti dzala mtengo. Ndinagwada pomwepo, jekete ili matope okhaokha, n'kuwomba m'manja kuthokoza.

Tinabwerera kumunda tonse, ine patsogolo ngati mkwati. Makasu anagwira ntchito, nyimbo zinamveka mpaka kutsidya, thobwa linamwedwa. Dzuwa lisanapendeke tchire lonse lija linali litagona, dothi lili lakuda bii kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Chaka chimenecho kachewere anabereka moti lole inachita kubwera pakhomo. TV nayo, mwina mukudabwa, sinasweke. Ikugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo mpira wa Lamulungu achitetezo onse amaonera kwanga.

Mbiri inafika mpaka ku Linthipe, yoti ku mudzi wakutiwakuti wezulo ikalira, ngakhale agogo amagwetsa munthu. Chiyambireni, pano sipanasowepo ngakhale nkhuku. Maloko ena aja ndinamasula n'kugawira anthu.

Mwezi wathawu kunabwera mphunzitsi wina wofuna malo oti adzamange akapuma ntchito. Anayendera mapoloti, anakonda mphepo, anakonda madzi, kenako anafunsa Yohane ndi nkhope ya serious.

"Koma nkhani ya chitetezo kuno ili bwanji? Akuba savuta?"

Yohane anandiloza ine.

"Afunseni alamu angawa. Kuno, achimwene, ngakhale mwiniwake wa katundu sangathawe ndi katundu wake!"

Choncho anzanga, musanaimbe wezulo, yambani mwadziyang'ana kaye ngati wooneka ngati wakuba pamalopo si inu nomwe.